Tinanyamula a Tadek Osawauza

Ndineneretu kuti musadabwe m'njira: pa ulendo uwu tinanyamula maliro m'buti ya galimoto, pamwamba pake tinasanjika masutikesi awiri ndi chikuku choyendera okalamba, ndipo tinayenda nawo kuchokera ku Silver Spring mpaka kupitirira Harrisburg osawalankhula ngakhale liwu limodzi. Amene anawalongedza m'butimo ndine, ndi manja angawa, kwinaku ndikung'ung'udza kanyimbo. Sindinkadziwa kanthu.

Amene ankadziwa anali mayi Halina, nkhalamba ya ku Poland yomwe ndinkaisamalira. Ine ndine Esinati, kwathu ndi ku Dedza, ndimakhala ku Greenbelt, ndipo ntchito yanga ndi yomwe ambiri a ife timagwira kuno: kusambitsa, kudyetsa ndi kumwetsa mankhwala makolo a anthu ena. Tsiku langa loyamba kwa mayiwa ndinaima pakhonde ndikudandaulira mng'ono wanga pafoni kuti andipatsa mzungu wosaseka. Ndinangomva mzungu uja kumbuyo kwanga, m'Chinyanja, "Iwe, leka miseche. Bwera undiveke nsapato." Abale inu, foni inatsala pang'ono kundipulumuka.

Zinapezeka kuti nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba, asilikali anawatenga ali kamtsikana, pamodzi ndi makolo awo, n'kuwakweza sitima ya ng'ombe kupita ku Siberia. Bambo awo anathera komweko. Otsalawo anatulukira ku Peresiya, kenako anawatumiza ku kampu ya othawa nkhondo pafupi ndi Fort Jameson, komwe lero timati ku Chipata. Kumeneko anakula akusewera ndi ana a anthu ophika ndi otema nkhuni. Chinyanja chawo chinatsalira pa msinkhu womwewo. Aliyense anali "iwe," kaya dokotala kaya m'busa.

Achimwene awo, a Tadek, sanali nawo m'sitima ija. Iwo anali woyendetsa ndege za nkhondo, zija zokwera munthu mmodzi zothamangitsana ndi zinzake m'mwamba. Dziko lawo litagwa anathawira ku France, ndipo France itagwanso anawolokera ku England. Anamenya nkhondo yonse ali mu yunifomu ya eni ake, dzina la dziko lawo litalembedwa m'tizilembo ting'onoting'ono paphewa. Ankawauza kuti nkhondo ikatha mupita kwanu. Inathadi, koma akuluakulu a mayiko anakhala pansi n'kusuntha malire, tauni yawo inagwera dziko lina, ndipo mwa anzawo amene analimba mtima kubwerera ena anafikira m'ndende. A Tadek anatsuka mbale ku England, kenako anabwera ku Baltimore kudzakonza mainjini, n'kuitanitsa mlongo wawo. Ali pafupi kumwalira anapempha chinthu chimodzi: "Halina, ukandiike kwathu." Mayiwa anavomera.

Ine ndinkaganiza kuti anaikidwa ku Baltimore. M'kabati ya zovala munali kabokosi ka thabwa, kolemera, komwe ndinkapukuta fumbi Loweruka lililonse ndikuyesa muli mamendulo. Munali phulusa lawo. Lonjezo lija linali litakhala m'kabatimo zaka zoposa khumi.

Tsopano mwana wa mayi Halina, amene amakhala kutali kumadzulo, anawapezera malo ku nyumba yosungirako okalamba. Sabata yotsatira nyumba ya ku Silver Spring inayenera kutsala mbee, ndipo katundu wosakwana m'kachipinda katsopanoko akanapita ku sitoro yosungirako zinthu. Mayiwa anaona kuti achimwene awo akathera pakati pa mipando yakale. Ndege dokotala anawaletsa, komanso ngakhale akanakwera, akanatsikira kuti? Ndiye anapangana mwakachetechete ndi wansembe wina ku Canada, pafupi ndi Hamilton, komwe anzawo a a Tadek angapo anagona mu mzere umodzi. Dzenje linakonzedwa kuti likhale la Loweruka masana. Kwa ine anangoti, "Tipita kumanda a anzake a Tadek, kuli mapemphero. Peza motoka."

Ndinapeza a Tembo, bambo wa kutchalitchi kwathu, mbadwa ya ku Chipata yokulira ku Lusaka, amene amanyamula anthu pa galimoto yawo yaikulu. Za mtengo anakambirana okha. Mayi Halina ananenerera ngati ali pamsika wa tomato, ndipo a Tembo anaseka mpaka kupukuta misozi. "Ambuya aba ni ba kwathu!" anatero, n'kutsitsa mtengo osapemphedwanso.

Tinanyamuka Lachisanu m'mawa. Mayi anakhala kutsogolo atavala chikhoti chakuda ndi ndolo zomwe ndinali ndisanazionepo. Mpaka ku Rockville tinkayenda chokwawa, aliyense akupita kuntchito, a Tembo akutukwana mwaulemu anthu osintha mizere osaphethira nyale. Titadutsa Frederick msewu unatseguka. Mayi ankangoyang'ana kutsogolo. Ndinawafunsa ngati akumva chizungulire, anangoti, "Yang'ana zako." Pa Gettysburg tinaima kuti apite kuchimbudzi, ndipo potulutsa chikuku kabokosi kaja kananditchinga. Ndinakakankha ndi phazi. Mpaka lero ndikakumbukira phazi limenelo limandizizira.

Kupitirira Harrisburg msewu umatsata mtsinje wa Susquehanna, madzi ali kumanja, phiri lili kumanzere. Titatsala pang'ono kukwera mlatho wa mtsinje wina wothira momwemo, galimoto inangoti zii. Sinatsokomole, sinatulutse utsi, inangozima ngati munthu wathimitsa nyale. A Tembo anaiwongolera m'mbali. Anayesa kiyi, palibe. Anatsegula kutsogolo, anagwiragwira mawaya, anabwera, anayesanso. Palibe. Anaimbira foni anthu okoka magalimoto, ndipo anatiuza kuti tidikire, abwera akamaliza kwina.

Kudikira m'mbali mwa msewu wa kuno si masewera. Magalimoto akuluakulu akamadutsa, yathu inkagwedezeka yonse. Kunayamba kamvula kowaza. Ndinawafunditsa mayi bulangete, ndinawapatsa tiyi wa m'fulasiki, anakana. A Tembo anaima panja nthawi yaitali, akuyang'ana mlatho, akuyang'ana galimoto, akuyang'ananso mlatho. Kenako analowa, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

"Ba sisi," anatero kwa ine, "motoka iyi siinachitepo so. Nifunseko. Mwanyamula chani kumbuyo?"

"Zovala, mankhwala, chikuku ndi kabokosi ka mamendulo."

"Si mamendulo," anatero mayi Halina, maso ali kutsogolo. "Ndi Tadek."

Poyamba sindinamve. Ndinaganiza kuti mutu wawasokonekera ndi ulendo. Koma anafotokoza zonse, za phulusa, za wansembe, za dzenje lodikira mawa, ndi mawu ouma ngati akuwerenga mankhwala. Munthu wowotchedwa! M'kabati momwe ndinkalowetsa mutu Loweruka lililonse!

"Mayo ine, mayi, bwanji simunanene?"

"Ndikananena, iwe ukanabwera? Uyu akanabwera? Anthu anu ndimawadziwa."

A Tembo anamenya chiwongolero ndi chikhatho. "Ambuya, mwanichimwira. Mwanichimwira maningi. Munthu mukulu so, msilikali, mwamuika pansi pa masutikesi monga tayala? Osamuuza na kwamene ayenda? Manje onani, wakana kuwoloka."

Kwa amene anakulira kunja ndifotokoze. Kwathu maliro sanyamulidwa ngati thumba la chimanga. Pamakhala wachibale pambali pa bokosi wowauza za ulendo. Tikutenga thupi la malume anga kuchokera ku Blantyre, mayi anga aang'ono anakhala chogwada m'lole njira yonse akuti, "Achimwene, tanyamuka. Achimwene, pano ndi pa Zalewa, tikuwoloka Shire, musaope. Achimwene, tafika pa Ntcheu." Munthu wosauzidwa amakhumudwa, ndipo galimoto imakana. Ine ndimapemphera, ndinaphunzirako za unamwino, ndikudziwa kuti injini ndi chitsulo. Koma tsiku limenelo, pansi pa mlatho umenewo, sindinatsutse kanthu.

Wokoka magalimoto anafika dzuwa litapendeka kale, chimzungu chandevu chonunkha fodya. Kutsogolo kwa chigalimoto chake kunali kokwera kwambiri moti mayi sakanatha kufikako. Tinayesa kuwanyamula, anatimenya manja. Tinadikiranso takisi ya m'tauni yapafupi, ine ndi mayi titaima pansi pa ambulera imodzi, a Tembo atapita ndi galimoto. A Tadek anapita nawo, akadali pansi pa masutikesi.

Galajayo inali m'katauni kakang'ono ka msewu umodzi. Makaniko anali mmodzi yekha, ndipo anati amalize kaye thirakitala ya munthu. Tinakhala m'kachipinda kodikirira konunkha matayala ndi khofi wopserera, pamodzi ndi mayi wina wa galu wokalamba amene ankatiyang'ana mosinthana, ine, a Tembo, mzungu wolankhula chinenero chathu, osamvetsa kuti ndife banja lanji. Pamenepo a Tembo ananena maganizo awo.

"Ikachira motoka, nibwerera ku Maryland. Ndalama zanu nizabweza. Ine sininyamula maliro yobisa."

Mayi Halina sanapemphe. Si anthu opempha. Anangogwira chikwama chawo pamiyendo, zala zitafinya lamba wake. Ine ndinali nditawakwiyira kuposa a Tembo, koma nditaona zalazo ndinawakokera bamboyo panja.

"A Tembo, mukabwerera, munthuyu akagona m'sitoro ya katundu. Sabata yamawa mayiwa akulowa m'nyumba ya okalamba, sadzatulukamonso. Palibe wina adzamunyamule."

"Si mulandu wanga, ba sisi. Banamize ine?"

"Anakunamizani, inde, ndipo inenso anandinamiza. Koma ndikufunseni. Inu mukafa kuno, mukufuna tikuchiteni chiyani?"

"Muziba kale. Munganitumize ku Chipata."

"Nanga Chipata atamufufuta? Mutapita n'kupeza dzina lina, anthu ena, chinenero china, manda a makolo anu atalimapo? Tikakuikeni kuti?"

A Tembo anandisiya pamenepo. Anayenda mpaka pa mulu wa matayala akale, anabwerera. Ife a kuno nkhani imeneyi timaidziwa, imatidya tonse mwakachetechete. Munthu akamwalira timathamanga khomo ndi khomo kuti thupi lipite kwawo, chifukwa aliyense amadziona yekha m'bokosimo. Koma ife kwathu kulipo. Ndege ikatera, pali anthu olira.

A Tembo analowa n'kuima pamaso pa mayi. "Ambuya, tizayenda. Koma munthu achoke mu buti, ankhale pa mupando monga munthu. Na imwe, ba magazi yake, mumuuze kwamene tiyenda."

"Sindingathe."

"Chifukwa?"

"Ndimuuza chiyani? Iye anati kwathu." Mawu awo anathothoka pamenepo, koyamba chiwadziwireni. "Zaka zonsezi sindinalankhule naye. Ndikatsegula kabati ndimayang'ana kumbali."

A Tembo anakanda m'mutu. "Basi, nizakamba ine mu njira. Koma pofika, mau yothera ni yanu. Apo sinizakuthandizani."

Tinatsitsa masutikesi pabwalo la galajayo. A Tembo anavula kapusi, anagwada pa simenti yamafuta, n'kuwomba m'manja mofatsa katatu. "A Tadek, pepani. Ife ndife alendo kwa inu, sitinadziwe. Takunyamulani moipa, takupondani, tikhululukireni. Ine ndine Tembo, woyendetsa. Uyu ndi Esinati. Mlongo wanu ali pano. Tikukuperekezani kwanu, musatitsekere njira." Atanena kuti "kwanu," ndinaona mayi Halina akutseka maso ngati munthu waponda minga. Ine ndinapepesa za phazi langa, chamumtima.

Makaniko anatuluka akupukuta manja, n'kufunsa kuti chikuchitika n'chiyani. Nditamuuza kuti m'kabokosimo muli woyendetsa ndege wa nkhondo yaikulu, anavula chipewa chake, n'kusiya thirakitala ija. Sanachedwe. Anati kawaya kena kapansi kanamasuka, zimachitika. Anakamanga, galimoto inalira. Ine ndi a Tembo tinangoyang'anana.

Ndinakulunga kabokosi m'chitenje changa chatsopano, chomwe ndinatengera mapemphero, n'kukakhazika pampando pambali panga, n'kukamanga lamba. Tikukwera mlatho uja a Tembo anati, "A Tadek, tiwoloka madzi, musaope." Tinawoloka. Kuyambira pamenepo sanadumphe tauni. "A Tadek, pano ni pa Selinsgrove." "A Tadek, tayima timwe mafuta." Mayina ena ankawalemera pakamwa, ndipo mayi ankawakonza mokalipa, koma kwa achimwene awo sanalankhule. Tsiku linatithera pa Williamsport, tinagona pa kamotelo ka m'mbali mwa msewu. Maliro sagona okha, choncho a Tadek analowa m'chipinda chathu, pampando wa pafupi ndi zenera. Ndinawaimbira nyimbo imodzi ya kutchalitchi tisanazimitse nyale.

Tinadzuka m'mamawa kuti tibweze nthawi. Kumapiri a kumpoto kwa Williamsport tinalowa m'chifunga chokhuthala, choti nyale za galimoto yakutsogolo zinkaoneka ngati makala awiri. A Tembo anachepetsa liwiro mpaka kukwawa. Mwina pofuna kudzilimbitsa mtima anati, "A Tadek, kuli nkhungu, koma njira niiziba. Tikali pamodzi."

Mayi Halina anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Iwe Tembo, ukulankhula ngati mtsikana wa wailesi."

Tinafunsa kuti mtsikana uti. Anati a Tadek za nkhondo sankakamba. Ukawafunsa ndege zingati anagwetsa, ankatuluka panja. Nkhani imodzi yokha ndi yomwe ankaibwereza. Pobwerera kuchokera kutsidya la nyanja, ndege itabowoka, mafuta akutha, pansi pali chifunga ngati chimenechi, munthu sudziwa ngati uli pamwamba pa mtunda kapena pa madzi. Ndiye umaitana pa wailesi, ndipo pamamveka mawu a mtsikana wa Chingerezi amene sunamuonepo, akukuuza kuti khotera uku, tsika pang'ono, pitiriza, watsala pang'ono kufika kwanu. A Tadek Chingerezi chinkawavuta, koma mawu amenewo ankawamva. Anzawo ena ankaitana, mtsikana akuyankha, kenako wailesi n'kungoti zii, madzulo bedi lawo n'kukhala lopanda munthu.

"Ankati, Halina, mtsikana uja ankati kwanu, ine n'kutera pa munda wa kabichi wa Angerezi. Koma ndinkamukhululukira, chifukwa sankadziwa."

Patapita nthawi tinatuluka m'chifungamo. Pa Corning a Tembo analengeza tauni ndi mawu otsika. Ndinaona kuti liwu loti "kwanu" sanalibwerezenso.

Ku Buffalo tinapeza mzere wa magalimoto utayambira pamlatho weniweni. Tinakhala pamwamba pa mtsinje wa Niagara tikusuntha pang'onopang'ono, mphepo ikugwedeza galimoto, mayi akufunsa nthawi kawirikawiri. "A Tadek, aya ni madzi yakulu," anatero a Tembo. "Tachoka mu America, tiloba mu Canada." Ndinaganiza kuti munthuyu wawoloka malire angati pa moyo wake, ndipo onse akuloza kwina.

Titafika pa kawindo, wa boda anatenga mapasipoti atatu n'kufunsa kuti m'galimoto tilimo angati. A Tembo, amene anali atacheza ndi a Tadek kuyambira dzulo, anayankha mosaganiza kuti anayi. Munthu uja anawerama, anatiwerenga, anayang'ana chitenje chomangidwa lamba, nkhope yake n'kusintha. Anatiloza kuti tikaime pambali.

"A Tembo, mwatipha!" ndinatero.

"Nanga ninama? Tili bangati?"

Anatitulutsa tonse, anatsitsa katundu, galu ananunkhiza mpaka fulasiki yanga. Tinakhala pa benchi yolimba m'chipinda chozizira, pamodzi ndi banja lina lomwe analigwira ndi mbewu za maluwa komanso mnyamata wa njinga yamoto amene ankangotukwana. Nthawi ya mapemphero inakwana tili pomwepo. Ndinaimbira wansembe, anati okumba manda ali ndi kwina kopita koma awagwiragwira, tifulumire. Mayi anali atatuwa, milomo itauma, koma mapepala onse a maliro anali nawo m'chikwama, okonzeka bwino. Mtsikana wa yunifomu amene anawawerenga anafuna kutenga kabokosi kuti akakaunike. Anakagwira ndi dzanja limodzi.

"Manja awiri!" anakuwa mayi Halina m'Chingerezi, chipinda chonse n'kutembenuka. Mtsikanayo anafiira, anakanyamula ndi manja awiri, ndipo pobweza anakabweretsa yekha mpaka pampando wa galimoto.

Za njira ya ku Hamilton ndilibe chonena, minda ya mphesa ndi nyanja kumanja, ine maso ali pa wotchi. Mandawo anali kunja kwa tauni. Tili pageti tinkaona chapatali wansembe wa tsitsi loyera, okumba awiri atatsamira mafosholo, ndi nkhalamba zochepa zitanyamula mbendera ya ku Poland, yoyera ndi yofiira. Ndinapuma kuti tafika. Koma a Tembo sanalowe. Anaimika galimoto kunja kwa geti, n'kuzimitsa injini.

"Ambuya, apa pathera ine. Manje ni imwe. Muuzeni kuti wafika kwao, tilobe."

"Sanafike kwawo."

"Ni mwamene tikambira chabe, kuti mutima wake ukhale pansi."

"Iyayi." Mayi anatembenuka n'kuwayang'ana m'maso. "Anamunamiza akuluakulu a nkhondo. Anamunamiza a mayiko. Ine ndinamunamiza ali pa bedi la imfa. Lero ayi. Esinati, ndipatse."

Ndinamasula lamba, ndinawaika kabokosi pamiyendo. Anafunyulula chitenje, anaika zikhatho zonse ziwiri pa thabwa, n'kuyamba kulankhula Chipolishi. Sindinamve liwu ngakhale limodzi kupatula dzina la a Tadek. Analankhula nthawi yaitali, pena mokalipa, pena ngati kamwana kodandaulira mkulu wake. Wansembe anatikodola ndi dzanja, ine ndinamukwezera dzanja kuti adikire. Atamaliza anapukuta pakamwa ndi kansalu, n'kutiuza osatiyang'ana.

"Ndamuuza kuti kuno si kwathu. Ndamuuza kuti kwathu kulibe, nyumba ya amayi anaigwetsa, ndipo ine ndakalamba, ndalephera. Ndamuuza kuti muno muli Janek ndi Staszek ndi ena omwe ankauluka nawo, nawonso sanafike. Ndamufunsa ngati avomera kugona nawo." Anatembenukira kwa a Tembo. "Tembo, liza motoka. Ikakana, ndiye kuti wakana. Tibwerera naye, ndikamubisa pansi pa bedi ku nyumba ya nkhalamba, andithamangitse ngati afuna."

Sankaseka, ndipo ife tinadziwa kuti achitadi. Ndinagwira mpando wakutsogolo. Ndinkafuna ilire, Mulungu akudziwa, ndinkafuna munthuyu apume ndipo mayiwa atule katundu wawo asanatsekeredwe. A Tembo anavula kapusi, anaiika pa bondo, n'kugwira kiyi. Anapotokola.

Inalira kamodzi n'kamodzi, bwinobwino, ngati yatsopano.

"Bavomera, ambuya!" anatero a Tembo, misozi ili m'maso. "Bavomera!"

Ine ndinayamba kuthokoza Mulungu. Koma mayi Halina anawerama n'kugunditsa chipumi pa kabokosi, ndipo analira kulira komwe sindinakumvepo kwa mzungu, kulira kwa kumudzi, kotulutsa mawu. Ndinawagwira phewa. "Mayi, musalire chotero, avomera. Si zimene mumafuna?"

Anapukusa mutu, chipumi chikadali pa thabwa.

"Amavomera nthawi zonse, Esinati. Anati pita ku France, anapita. Pita ku England, anapita. Tsuka mbale, anatsuka. Khala m'kabati, anakhala. Ndimafuna akane. Kamodzi kokha, ndimafuna mchimwene wanga akane."

A Tembo anasiya injini ikulira. Anadikira mpaka mayi atadzutsa mutu, kenako analowetsa giya, ndipo tinalowa pageti pang'onopang'ono, kupita kumene kunali mbendera.